Khanda la makilogalamu 1.8 latuluka m'chipatala: ndani amabwera kudzaliona kunyumba?

Nabanda_waBembeke
Anzanga a pa gulu, ndigawireni nzeru. Mng'ono wanga anachira mimba ili ndi miyezi 7 yokha, mwana n'kubadwa ndi makilogalamu 1.5. Anakhala ku wodi ya kangaru, kumene mayi amasunga khanda pachifuwa khungu pa khungu, ndipo sabata yatha awatulutsa mwana atafika 1.8, n'kuwauza kuti azibwera naye kudzamuyeza sikelo. Tili kumudzi kumtunda kwa Bembeke, ndipo a ku Dedza mukudziwa mmene Juni amachitira kuno, m'mawa madzi a m'ndowa amaluma zala. Mwanayo amangogona, akayamwa pang'ono wasiya. Mayi akewo ndi uchembere woyamba, zaka 19. Agogo akuti tiziika mbaula m'chipinda usiku n'kutseka bwinobwino, komanso akufuna kumusambitsa likambako kuti alimbe. Chitulukireni m'chipatala palibe wa zaumoyo amene wapondako pakhomo pathu. Kodi lilipo dongosolo loti namwino kapena mlangizi azibwera kunyumba kudzaona makanda otere? Ine tulo sindikutiona, ndimangodzuka kukamvetsera ngati akupuma.

Kabaza_Lizulu
Namwino kubwera kunyumba? Achemwali, kuno kwathu sindinazionepo. Wodwala ndiye amatsata chipatala.

NesiWaMakanda
A Nabanda, ndiyambe ndi za usiku uno, za dongosolo tikamba pambuyo. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha ngakhale munthu wamkulu ali m'tulo, nanji kamwana ka 1.8. Botolo la madzi otentha nalonso ayi, khungu lake ndi lopyapyala, limapsa msanga. Kutentha kumene mwanayu akufuna kuli pachifuwa pa mayi ake. Avale chipewa, masokosi ndi thewera basi, agone chafufumimba pakati pa mabere, mutu utacheukira kumbali ndipo khosi lisapindike, ammange ndi chitenje, mayi avale juzi pamwamba. Usana ndi usiku, ndipo mayi azigona motsamira, osati chagada. Mayi akafuna kusamba kapena kupuma, mwana asaikidwe pamphasa, alowe pachifuwa pa inu kapena pa bambo ake.

Za kuyamwa zandidetsa nkhawa. Makanda osakwana masiku sadzuka okha kulirira bere, ndiye musadikire kuti alire. Mudzutseni maola 2 kapena 3 aliwonse, ndi usiku womwe. Akatopa pa bere, mayi akame mkaka m'kapu yoyera, mumukhazike chotsamira, mkaka ungokhudza milomo azipsontha yekha, osathira m'kamwa. Matewera onyowa azifika 6 pa tsiku. Koma ngati mwamudzutsa ndipo akukana bere ndi kapu yomwe, kapena sakutakataka pokhapokha mutamugwedeza, musadikire tsiku la sikelo. Nyamukani lero lomwe, mwana ali pachifuwa njira yonse.

Nangozo57
Ife tabereka ana 8, ena ang'onoang'ono ndithu, tinawafunditsa ndi moto womwewu ndipo lero ndi akuluakulu. Musamayankhule ngati agogo akufuna kupha mdzukulu wawo.

NesiWaMakanda
Amayi Nangozo, pepani ngati zamveka choncho. Agogowo aona bwino kwambiri kuti mdani wa mwanayu ndi chisanu, ndipo m'mabanja ambiri agogo ndiwo amayamba kuzindikira kuti khanda silili bwino. Pamene tasiyana ndi pa njira. Nyumba zakale za udzu zinkapuma, utsi unkatulukira kudenga. Nyumba ya malata ndi mazenera a galasi mukatseka, mpweya wa makala ulibe kolowera kwina koma m'mapapo. Likambako nalo vuto lake ndi loti mwana wavulidwa, wanyowetsedwa, ndipo m'mphindi zochepa thupi lazizira. Wa makilogalamu 1.8 timangomupukuta ndi kansalu kofunda kumaso, m'khosi ndi kumatako, m'chipinda mopanda mphepo. Pamchombo pasapakidwe kanthu kupatula chimene akupatsani kuchipatala, ndipo m'kamwa musalowe madzi, dawale kapena mankhwala a zitsamba.

MlangiziKasinje
Ine ndine mlangizi wa zaumoyo kuno ku Ntcheu, ndiyankhe funso lenileni la a Nabanda. Dongosolo lilipo. Amene amayenera kufika pakhomo ndife, osati namwino, chifukwa pachipatala chaching'ono namwino amakhala mmodzi kapena awiri, akachoka ndiye kuti amayi oyembekezera atsala okha. Ife tinaphunzitsidwa kuyendera mayi ali woyembekezera, kenako kumuyenderanso kangapo sabata yoyamba akachira, ndipo khanda lochepa sikelo limafunika maulendo owonjezera. Tikafika timaona kutentha kwa thupi, kapumidwe, mchombo, maso ndi zikhatho ngati zachita chikasu, ndi mmene akuyamwira. Sitibaya jakisoni khanda lodwala, ntchito yathu ndi kuzindikira msanga n'kutumiza.

Pamene pamaduka chingwe ndi apa. Mwana akatuluka ku chipatala cha boma, uthenga sufika kwa mlangizi wa m'mudzi mwake. Zonse zimalembedwa m'buku la mwana, bukulo lili m'chikwama cha mayi, ine ndili kumudzi wina kuyeza ana sikelo. Nthawi zambiri ndimamva za khanda lotere patapita masabata, mwinanso kumva pamaliro. Ndiye a Nabanda, musadikire. Pitani kwa mlangizi wa dera lanu ndi bukulo, kapena tumani uthenga kudzera kwa amfumu kapena komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Nenani kulemera kwake momveka. Mlangizi akamva 1.8 mu Juni ku Bembeke sangakhale pansi.

Mphwiyo_Mayani
Zokoma kumva, koma alangizi ambiri amakhala pa tauni. Amaoneka pa kampeni ya katemera kapena ya maneti poti pamakhala alawansi. Zikatha, zii.

MlangiziKasinje
Achimwene, alipo otero, sindiwabisa. Koma fufuzaninso kuti m'mudzi mwanu nyumba ya mlangizi ilipo? Boma limafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, koma ambiri a ife tili ndi anthu opitirira pamenepo, midzi ina kutsidya kwa mtsinje, njinga inathyoka kalekale, choyezera kutentha ena timagula ndi ndalama ya m'thumba. Sikelo yathu ndi ija yopachika pamtengo, yabwino kwa mwana wa chaka, koma siingakuuzeni ngati khanda lawonjezera magalamu 30. N'chifukwa chake ulendo wa kuchipatala sungalowedwe m'malo ndi ine.

Mphwiyo_Mayani
Njerwa za nyumba ya mlangizi tinaumba, zinatha ndi mvula podikira malata. Ndiye mlandu si wathu tokha.

MayiWaMapasa_Tsangano
Nkhaniyi yandikhudza, ndinene zanga. Ine ndinabereka mapasa masiku asanakwane, onse osafika makilogalamu 2. Titatuluka m'chipatala inali nthawi yokumba kachewere, aliyense ali kumunda, ine ndekha ndi ana awiri ndi bala la opaleshoni. Chifuwa changa ndi chimodzi, ndiye mmodzi ndinkamuika pachifuwa, wina ndinkamukulunga m'mabulangete. Wa m'mabulangeteyo sankalira, anthu n'kumati uyu ndi wofatsa, savuta. Palibe amene anandiuza kuti khanda lozizidwa silira, limangofooka. Tinamutaya usiku wina tili pa njira.

Patapita masiku mlangizi wamkazi anamva za malirowo n'kubwera. Sanandikalipire. Anakhala pamphasa, anamuyang'ana wotsalayo, anandionetsa kugwira mapazi ake ndi kuseri kwa dzanja langa, kuti mapazi akazizira pamene mimba ili yofunda ndiye kuti chisanu chayamba kumulowa. Kenako anaitana apongozi anga ndi mlamu wanga n'kuwagawira maola, uyu m'mawa, uyu masana, ine usiku. Zimene ine ndinalephera kupempha ndi pakamwa panga, iye anazinena kamodzi ndipo anthu anamvera poti wanena ndi wa zaumoyo. Mwanayo lero ali ku sukulu ya mkaka. Mayi uja sanabwere ndi mankhwala aliwonse. Ndimangoti akanafika sabata yoyamba ija, bwenzi pakhomo pano pali awiri.

Nabanda_waBembeke
Pepani kwambiri amayi. Mawu oti wofatsa ndi omwewo akunenedwa kuno. Ndanyamuka, ndikukamufuna mlangizi.

BamboChikondi_Linthipe
Pepani amayi a mapasa. Abambo anzanga, apa ndi pathu. Wanga anabadwa ndi 1.7 ndipo usiku ndinkamunyamula ndine kuti mayi ake agoneko. Pa msika ankandiseka kuti ndadyetsedwa khuzumule, ena ati mwamuna wamanga chitenje. Ndinkawasiya aseke. Mwana akakhala pachifuwa pako umamva kupuma kwake konse, akasintha pang'ono umadziwa nthawi yomweyo. Mayi amene wagonako maola angapo mkaka wake umatulukanso bwino.

Kabaza_Lizulu
Nanga ndikakhala pakhomo ndi mwana pachifuwa, ufa ugulidwa ndi chiyani? Njinga ikaima tsiku limodzi mwini wake amafunabe ndalama yake madzulo.

Jere_waNsipe
Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021, bambo wolembedwa ntchito ali ndi masabata 2 atchuthi mkazi akachira, ndipo mayi ali ndi masabata 8.

Kabaza_Lizulu
Olembedwa ntchitowo ndi angati ku Lizulu? Ife ndi a ganyu ndi ogulitsa kabichi pamsewu.

BamboChikondi_Linthipe
Inenso ndine mlimi, achimwene, tchuthi sindichidziwa. Sindinati musiye njinga. Mukaweruka, m'malo mokhala pa bawo mpaka usiku, maola 3 amenewo mupatseni mwana. Muyambe mwasamba ndi kusintha malaya a fumbi, ndipo ngati mwalawako kachaso tsiku limenelo musamunyamule.

Mphunzitsi_Chongoni
Ndionjezereko mbiri pang'ono, poti ena amaganiza kuti kangaru ndi njira ya amphawi osowa makina. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Lipoti la 2012 la WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, linaonetsa kuti ku Malawi ana 18 pa 100 aliwonse amabadwa masabata 37 asanakwane, chiwerengero chimene chinali chokwera kuposa mayiko onse. Kenako kunachitika kafukufuku m'zipatala za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, kwathu kuno ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pa makanda a pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8. Zotsatira zinatuluka mu 2021: kuyamba kangaru mwana atangobadwa, osadikira kuti ayambe wakhazikika, kunapewetsa imfa imodzi pa imfa 4 zilizonse. Mu Novembala 2022 WHO inatulutsa malangizo atsopano, ndipo m'menemo muli ndime yoti mabanja a makanda otere aziyenderedwa kunyumba ndi wa zaumoyo wophunzitsidwa. Ndiye chimene a Nabanda akufunsa si chifundo chapadera ayi, ndi mbali ya chithandizo.

Mphwiyo_Mayani
Malangizo a ku Geneva kulikulu la WHO amenewo aphunzitsi. Abwere adzaone msewu wa ku Tsangano mu Febuluwale.

Mphunzitsi_Chongoni
Msewuwo ndiwo ukuchititsa kuti kuyendera pakhomo kufunike kwambiri. Wa ku Area 47 ku Lilongwe akaona mwana wasintha amakwera galimoto, mphindi zochepa wafika. Wa kuseri kwa phiri amafunika wina womuuza dzulo lake kuti nyamukani kusanade.

Maseko_Njolomole
Kuno ku Ntcheu tili ndi poyambira. Inkosi Kwataine inakhazikitsa amayi achinsinsi m'midzi yake, amayi akuluakulu amene woyembekezera amawauza za mimba yake, iwo n'kumamulondola mpaka akachirire kuchipatala. Ntchitoyo inamveka dziko lonse, mpaka mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaika mfumuyi patsogolo pa ntchito ya uchembere wabwino. Funso langa n'loti, bwanji ntchito ya amayi oterewa imathera pa kuchira? Mayi yemweyo amene anadziwa mimba ili ndi miyezi 3 ndiye angathamangire kwa mlangizi kuti uje watuluka, mwana ndi wochepa. Safunika foni yapamwamba, amakhala m'mudzi momwemo.

Nachisale_Golomoti
Maganizo abwino, koma ndikhudze mbali imene anthu amaiopa. M'midzi yambiri wochirira pakhomo kapena panjira amalipitsidwa mbuzi kapena ndalama. Tsono mimba ya miyezi 7 siichenjeza. Mayi sanapite kuchidikiro poti masiku ake anali kutali, matenda amuyamba usiku, wachira m'nyumba. Banja likaganiza za mbuzi limabisa mwana. Ndiye khanda lofunika chipatala kuposa onse ndi limene likubisidwa kuchipinda. Ndaziona kwa oyandikana nawo, mwana anakafika kuchipatala mochedwa chifukwa cha mantha a chindapusa.

Maseko_Njolomole
Koma chindapusacho chinapulumutsa amayi ambiri. Kale kuchirira kwa azamba kunali ponseponse, boma litaletsa mu 2007 anthu sanasiye msanga mpaka mafumu atalowererapo.

Nachisale_Golomoti
Sindikuti chichotsedwe chonse. Ndikuti mafumu alengeze poyera kuti wochira masiku asanakwane alibe mlandu, athamange naye basi. Mawu amenewo anenedwe pamaliro ndi m'matchalitchi ndi kumzikiti, aliyense amve.

Gulupu_waKuphiri
Ndamva, mwana wanga. Kwathu ndikaitanitsa nduna Loweruka. Mbuzi siingafanane ndi moyo wa munthu.

Mphunzitsi_Chongoni
Tisaiwalenso kuti ambiri obereka makanda ochepa ndi atsikana amene matupi awo sanakhwime. Ntchito imene Inkosi Theresa Kachindamoto anaigwira kuno ku Dedza yothetsa maukwati a ana, ndi kusintha kwa malamulo a dziko mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, zikukhudzana ndi nkhani yomweyi. Malungo pa mimba, kuchepa magazi ndi kuthamanga kwa magazi nazonso zimabweretsa mwana msanga, n'chifukwa chake sikelo ya amayi oyembekezera imafunika kuyamba mimba ikadali yaing'ono.

Nangozo57
Aphunzitsi, mwana wabadwa kale. Za ukwati tikamba tsiku lina.

Nabanda_waBembeke
Ndabwerako. Mlangizi ndinamupeza pa sikelo ya ana m'mudzi woyandikana nafe, ndipo samadziwa n'komwe kuti kwathu kuli khanda. Wabwera madzulo ano. Kutentha anapeza 36.1, akuti n'kotsika, wamuika pachifuwa pa mayi ake n'kudikira ola, atayezanso zinali 36.7. Wationetsa kumwetsa ndi kapu, mwana wamwa ndithu. Wati mawa m'mawa tipite kuchipatala akamuone poti kuyamwa kwake sikunamusangalatse, ndipo watilembera kakalata. Agogo anawalankhula yekha mwaulemu, pano ndi iwo amene amunyamula pachifuwa, akuti mbaula ikhale kukhitchini. Koma pali china. Mng'ono wangayu amangolira, sakudya, akuti anthu obwera kudzaona mwana amanong'onezana kuti kamwana ngati khoswe, sikakhala. Dzina lomwe akukana kumupatsa.

NesiWaMakanda
Mwachita bwino kwambiri, ndipo mawa musalephere. Kutentha koyenera ndi 36.5 mpaka 37.5. Za mayiyo musazitenge mopepuka. Kulira masiku oyamba kumachitika kwa ambiri, koma kukapitirira masabata 2, osadya, osagona ngakhale mwana atagona, kudziona wolakwa kapena kusafuna kumugwira mwana, amenewo ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pa kuchira, ndipo thandizo lake lilipo. Mawa mukanene kwa namwino mayiyo ali pomwepo, musangokamba za mwana yekha. Akayankhula zodzipweteka kapena kupweteka mwana, asasiyidwe yekha ngakhale pang'ono.

Alendo achepe. Si mwano, khanda lotere chimfine cha munthu wamkulu chimasanduka chibayo. Wofuna kumugwira asambe m'manja ndi sopo, wotsokomola aonere pakhomo.

Nangozo57
Apa ndiye ndigwirizana ndi a nesi. Chikuta makolo anachiika kuti mayi ndi khanda asapondedwepondedwe ndi aliyense. Masiku ano anthu amangolowa ndi mafoni kujambula. Ndipo onong'onezawo athamangitseni. Mwanayo mumutche dzina, mayi ake amve anthu akumuitana.

Jere_waNsipe
Koma chikuta chomwecho ena amachigwiritsa ntchito kuletsa mayi kupita kuchipatala mchombo usanagwe. Kwathu zinachitika, mwana akutentha thupi, akuluakulu ati sangadutse pa mphambano asanatulutsidwe.

Nangozo57
Amenewo sadziwa mwambo. Chikuta sichinaletsepo kufuna thandizo mwana akadwala.

WosatchulaDzina22
Ndifunse nawo mobisa. Ine ndimamwa ma ARV, ndili ndi khanda lochepa sikelo, ndipo apabanja a amuna anga sadziwa. Ndimaopa mlangizi kubwera kunyumba poti angayambe kufunsa za mankhwala a mwana apongozi ali pomwepo. Ndichite bwanji?

MlangiziKasinje
Amayi, mantha anuwo ndi omveka, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene ena amatitsekera chitseko. Chinsinsi chanu ndi lamulo pa ntchito yathu. Mukakumane naye nokha kaye kusikelo, mumuuze kuti pakhomo asatchule za mankhwala. Akabwera adzaona kutentha, kapumidwe ndi kuyamwa monga khanda lina lililonse, zinazo mukakambirana kuchipatala. Ngati simumukhulupirira poti ndi wa m'mudzi momwemo, uzani namwino akupezereni wina. Wina akaulula, kadandauleni kwa mkulu wa chipatala kapena kwa ombudsman, wolandira madandaulo pachipatala cha boma.

NesiWaMakanda
Ndionjezere: mankhwala a madzi amene anakupatsani a mwana musadumphitse tsiku, inunso anu musadumphitse, ndipo muyamwitse bere lokha osasakaniza ndi china kwa miyezi 6. Akakwana masabata 6 apite akayezedwe magazi, n'kuyambanso Bactrim ndi katemera wa nthawi imeneyo. Muyezo wa mankhwala a khanda lochepa umatsata kulemera kwake, ndiye nthawi iliyonse akamuyeza sikelo funsani ngati muyezo usinthe.

WosatchulaDzina22
Zikomo. Ndipita Lachiwiri.

Phiri_Biriwiri
Pali Chipatala cha pa Foni, chija chinayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse. Pa Airtel kuimba ndi kwaulere. Usiku mukasowa wofunsa chingathandize. Kungoti kuno kumalire netiweki imathawira ku Mozambique, umachita kukwera pachulu.

MayiWaMapasa_Tsangano
Foni ndi yabwino, koma siiona mwana. Ine ndikanaimba usiku uja ndikanati mwana ali bwino, akugona. Pamafunika maso a munthu wodziwa.

Nachisale_Golomoti
Tibwerere ku ndalama, poti a Nabanda auzidwa kuti azipita kuchipatala pafupipafupi. Ambiri amapita ulendo woyamba, wachiwiri, kenako ndalama ya kabaza yatha, basi mwana sadzaonekanso mpaka atadwala. Ku banki mkhonde yathu tinagwirizana kuti thumba la zadzidzidzi lizibwereketsa popanda chiwongoladzanja kwa mayi wa khanda la kangaru, abweze akakolola. Sizinatigwetse.

Mphwiyo_Mayani
Ndiye boma lizingokhala, ife tizisonkha? Misonkho timapereka ya chiyani?

Nachisale_Golomoti
Kufunsa boma tifunse ndithu, ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC nkhaniyi ikalowe. Koma khanda la 1.8 silingadikire bajeti ya chaka chamawa.

Kabaza_Lizulu
Pa siteji yathu ndikawauza anzanga. Mayi wa kangaru tizimutenga pa mtengo wa mafuta okha, ndipo tiziyenda pang'onopang'ono m'mabampu. Koma a nesi, pa njinga yamoto mphepo imakhala yambiri, mwanayo sazizidwa?

NesiWaMakanda
Funso labwino. Akhale pachifuwa khungu pa khungu monga kunyumba, chipewa kumutu, mayi avale juzi kapena jekete yotseka kutsogolo, nkhope ya mwana isatsekedwe. Asamuberekere kumbuyo, ndipo asamunyamule m'manja atamukulunga. Panjira yaitali muziima, mayi asuzumire ngati akupuma bwino.

Poti ambiri mukuwerenga, zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi iliyonse, usiku kapena Lamulungu, ndi izi: kukana kuyamwa, kufooka, kukoka manja ndi miyendo kapena kuphethira modabwitsa, kupuma kofika 60 pa mphindi mukawerenga kawiri ali phee, nthiti kulowa m'kati kwambiri, kubuula popuma, kusiya kupuma kwa nthawi mpaka milomo kuda, thupi kutentha kapena kuzizira osafundanso ngakhale ali pachifuwa, chikasu chofika m'zikhatho ndi kumapazi, mchombo wofiira kapena wa mafinya, ndi mimba kutupa n'kumasanza. Akasiya kupuma musisiteni kumsana ndi kumapazi, akayambiranso nyamukani. Khanda silimwetsedwa panado wa kugolosale podikira kuche.

Mphwiyo_Mayani
A Mlangizi, ndakhala ndikuganiza zija munanena kuti uthenga sukufikani. Ine ndili mu komiti yoyang'anira chipatala chathu chaching'ono. Chovuta n'chiyani kuti wodi ya kangaru ikamatulutsa mwana izilemba mudzi ndi gulupu wake, n'kutumiza pa WhatsApp kwa mkulu wa alangizi wa dera limenelo tsiku lomwelo?

MlangiziKasinje
Chovuta chachikulu palibe, madera ena amachita kale pa okha. Pamafunika munthu mmodzi wopatsidwa udindowo ndi mayunitsi, komanso mayi avomereze kaye, ndipo pa gulu pasalembedwe za matenda ake, mudzi ndi kulemera kwa mwana basi. Mukaitengera ku komiti yanu, ine ndikaitula ku msonkhano wathu wa mwezi uno. Mukapemphenso zoyezera kutentha, mlangizi wopanda choyezera amangoyerekeza ndi dzanja.

Mphwiyo_Mayani
Ndikaitula. Za njerwa zija sindinaiwale, tidzakambanso.

Namoyo_Mtakataka
Ine ndili kunsi kuno kunyanja, kumatentha kosiyana ndi ku Bembeke. Mdzukulu wanga wabadwa ndi makilogalamu 2.1. Kangaruyo akufunikabe ngakhale kuno? Mayi ake akuti thukuta likuchuluka, mwana achita zidzolo. Ndipo adzasiya liti?

NesiWaMakanda
Akufunikabe amayi. Mwana aliyense wosafika makilogalamu 2.5 amataya kutentha msanga, ndipo m'bandakucha ngakhale ku Mtakataka kumazizira mokwanira kumufooketsa. Kangaru si kufunditsa kokha, amathandizanso kuyamwa, kapumidwe ndi kukwera kwa sikelo. Masana mayi achotse juzi, atsale ndi chitenje chimodzi chopepuka cha thonje, azipukuta thukuta pachifuwa pake ndi pa mwana, osathira paudala. Madzi akumwa mwana asapatsidwe ngakhale kutenthe bwanji, amwe ndi mayi ake, iye ayamwe pafupipafupi. Kwanuko udzudzu ndi wambiri, ndiye onse awiri agone m'neti usiku uliwonse. Kusiya kumabwera akafika makilogalamu 2.5, ndipo mudzaona yekha ayamba kuvuta, kutulutsa manja ndi miyendo, kulira akamangidwa. Koma asasiye pa yekha asanamuyeze sikelo kuchipatala. Mlangizi wa kwanuko wadziwitsidwa?

Namoyo_Mtakataka
Ayi, sitinamuuze. Amakhala pafupi ndi sukulu, ndituma mnyamata ndi buku la mwana pompano.